Mayankho a Agogo

Kadona anatulutsa pepalalo m'thumba la yunifolomu lili lopindapinda, n'kuliika pa benchi pakati pa nyundo ndi chitini cha guluu. Atatero anabwerera m'mbuyo pang'ono, manja kumsana.

Agogo ake, a Chidendene, anali ndi timisomali titatu pakamwa. Dzinali anawapatsa ndi anthu a mumsewumo, chifukwa kwa zaka makumi awiri ankasoka nsapato pakhonde la sitolo ya zitsulo, ndipo munthu akawapatsa moni ankayamba amuyang'ana kumapazi asanamuone nkhope. Analavulira timisomalito m'dzanja, n'kupukuta zala pa thalauza, n'kufunyulula pepalalo.

Linali la mayeso oyeserera. Pamwamba panali nambala yofiira yozunguliridwa, ndipo pansi pake aphunzitsi analemba kuti: "Kholo libwere mawa m'mawa."

"Malikisi anayi?" anafunsa a Chidendene. "Pa makumi awiri?"

"Eya, agogo."

"Suja takhala pano miyezi yonseyi tikuwerenga? Suja ndinakuuza zonse?"

"Ndinalemba zomwe munandiuza zija."

"Ndiye walakwa pati?"

Wometa tsitsi wa khomo loyandikana ndi khondelo anali ataima panja akukutumula chinsalu chofunditsa makasitomala. Makutu ake sankaphonya kanthu.

"Mwina ndi pomwepo pamene walakwira, achikulire," anatero akuseka.

"Iwe meta mitu. Za m'kati mwa mutu uzisiye, si zako."

Wometayo analowa akusekabe. A Chidendene anapindanso pepalalo n'kuliika m'thumba la shati. Nkhope anaiumitsa.

Mayeso enieni, olowera kusekondale, anali atatsala masabata atatu. Masamu Kadona ankakhoza, sayansi ankakhoza. Koma mwana wolephera pepala la kuwerenga ndi kumvetsa nkhani sankasankhidwa, ngakhale akhoze zina zonse. Mayi ake ankagwira ntchito yochapa kuchipatala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Bambo ake anachoka mwanayo asanamere mano. Choncho Kadona akaweruka kusukulu ankabwera pakhondepo, n'kukhala pa kampando kamatabwa, ndipo agogo akewo ndiwo anadzipatsa udindo womuphunzitsa. Iye ankawerenga nkhani mokweza, iwo akusoka, kenaka ankamuuza zoti alembe.

Anamuuza kuti iwo sukulu anamaliza, kuti ankakhala nambala wani, ndipo akanakhala kalaliki pakanapanda anthu a kaduka. Aphunzitsi atayambitsa maphunziro apadera a masana, aulere, a Chidendene anakana.

"Aulere? Padziko pano? Akufuna muzikawakolopera m'makalasi. Iwe uli ndi ine, ndakukwanira."

Mapepala ankawakayikira onse, ndipo chifukwa chake chinalipo. Asanayambe kukhala pakhonde anagwira zaka khumi ndi zisanu pafakitale ya nsapato. Tsiku lina anawaitana kuofesi n'kuwapatsa kalata. Anaitsegulira pakhomo pomwepo, n'kuwerenga mzere woyamba movutikira: "Tikukuthokozani kwambiri chifukwa cha khama ndi kukhulupirika kwanu." Sanapitirize. Anathamangira kwa anzawo akumwetulira, akuti andikweza. Mmodzi wa anzawowo anatenga kalatayo, n'kuwerenga mpaka kumapeto, n'kuwabwezera osawayang'ana m'maso. Ntchito inali itatha. Kuyambira tsiku limenelo, mawu okoma olembedwa papepala ankawanunkha. Ndipo sanali kulakwitsa kwenikweni, chifukwa makalata otero alipo, ndipo akulembedwabe ndi anthu ovala mataye.

Ndiye mdzukulu wawo anamupatsa malamulo awiri. Loyamba linali lakuti funso likati mlembi akuganiza chiyani, adziwe kuti munthu aliyense wolemba ali ndi chimene akubisa: akayamikira ndiye kuti akunyoza, akamva chisoni ndiye kuti akuseka. Lachiwiri linali lakuti funso likafunsa chinthu chimene sichinalembedwe m'nkhanimo, umenewo ndi msampha, asagweremo.

M'mawa mwake anavala jekete lawo la masiku a kufakitale, limene tsopano linkawakulira m'mapewa. Nsapato zawo anazipolisha kawiri. Panjira ankakonza mawu chamumtima, Kadona akutsatira kumbuyo. Mwana wa wochapa, mdzukulu wa wosoka nsapato, ndiye wosavuta kumudula malikisi. Ana a mabwana sawachita zimenezi. Akamuuza mphunzitsiyo kumaso, amve.

Koma atalowa pa geti, mphamvu zinayamba kuchepa. Fungo la choko linawalowa m'mphuno. M'kalasi ina ana ankabwereza mawu onse pamodzi. Anakhosomola, n'kukonza kolala ya jekete.

Aphunzitsiwo anali mayi woonda, wa zaka zapakati, choko chitawayeretsa m'zigongono. Anali m'kachipinda kodzaza makope, tiyi wawo atazizira m'kapu. Anamuuza Kadona kuti adikire pakhomo.

"Khalani pansi, agogo."

"Ndiima. Sindinabwere kudzacheza. Ndabwera kudzafunsa kuti mwana uyu anakulakwirani chiyani."

"Palibe."

"Ndiye malikisi anayiwo achokera kuti? Mwana amawerenga tsiku ndi tsiku, ine ndikuona ndi maso angawa. Kapena poti kwathu kulibe galimoto?"

Aphunzitsiwo sanakweze mawu. Anatsegula kabati, n'kutulutsa pepala la mafunso.

"Khalani kaye pansi, miyendo ingatope. Nkhani yake ndi iyi. Muwerenga nokha, kapena ndikuwerengereni?"

A Chidendene anapapasa m'thumba la jekete, lamanja kenaka lamanzere.

"Magalasi ndaiwala."

"Ndiwerenga ine."

Anakhala pansi. Aphunzitsi anawerenga pang'onopang'ono. Inali nkhani ya mayi wina wosesa mumsewu.

"Mayiyu amafika mumsewu wathu mbalame zisanayambe kulira. Pamene ife tikutuluka m'nyumba, zinyalala zonse zimene tinataya dzulo zimakhala zitapita, ndipo palibe amene amafunsa kuti zapita bwanji. Manja ake ndi okhakhala, koma tsache amaligwira mosamala ngati cholembera. Akafika pa geti la sukulu amaima. Amamvetsera ana akuwerenga mokweza, milomo yake ikugwedera kutsatira mawuwo, mpaka belu litalira. Kenaka amaweramitsa mutu n'kupitiriza kusesa. Ife timadutsa ndi nsapato zathu zoyera, osamupatsa n'komwe moni."

Anaika pepalalo pa tebulo, n'kutenga la mayankho a Kadona limene a Chidendene anabwera nalo.

"Funso lachisanu likuti, kodi mlembi akumuona bwanji mayiyu? Mdzukulu wanu analemba kuti: Akumunyoza. Anthu olemba amayamikira osauka kuti azisesabe osadandaula."



"Lachisanu ndi chimodzi likuti, n'chifukwa chiyani mayiyu amaima pa geti la sukulu? Analemba kuti: Nkhani sinanene. Funsoli ndi msampha ndipo ine sindigweramo." Aphunzitsi anatembenuza tsamba. "Nkhani yachiwiri, ya dokotala wa ziweto, chimodzimodzi. Mlembi akufuna kutigulitsa mankhwala. Yachitatu, ya mtengo wakale umene unadulidwa, akuti mlembi akunamizira kulira, matabwa ake anagawana nawo."

Mawu amenewo a Chidendene anawadziwa. Anawanena okha pa nkhani ina yofanana nayo, sabata ziwiri zapitazo, akumata soli ya nsapato ya msilikali wina. Pakhonde paja ankamveka anzeru. M'kachipinda muno, powerengedwa ndi munthu wina, m'zilembo zozungulira bwino za mwana, ankamveka ngati kubwebweta kwa woledzera.

"Agogo, mwanayu ali ndi zaka khumi ndi zitatu," anatero aphunzitsi. "Mwana wa msinkhu umenewu salankhula chonchi. Awa ndi mawu a munthu amene dziko linamupweteka. Chaka chatha pepala lomweli ankakhoza, ankapeza khumi ndi anayi, khumi ndi asanu. Ndiye ndakuitanani kuti mundithandize. Akumuphunzitsa zimenezi ndani?"

A Chidendene anayang'ana kapu ya tiyi, anayang'ana kalendala ya pakhoma. Pakamwa panatseguka pokha.

"Pali wometa wina pafupi ndi pamene ndimasokera. Wolongolola kwambiri. Mwana amamvera zonse. Ayenera kukhala iyeyo."

"Wometa?"

"Eya. Munthu wosaphunzira, koma wodzimva."

Aphunzitsi anaitana Kadona. Mwanayo analowa, ndipo nkhope yake inaonetsa kuti wamva zonse, chifukwa chitseko chinali chosatseka.

"Ndi zoona zimene akunena agogozi? Ndi wometa?"

Kadona anayang'ana agogo ake. Iwo anali atayang'ana pansi.

"Eya, madamu. Ndi wometa."

A Chidendene akanakonda mwanayo akanawatsutsa. Akanakalipa, n'kutuluka atakwiya, mkwiyo n'kuwafunditsa. Koma mwana ananama m'malo mwawo, mosachita kuuzidwa, ndipo pamenepo panalibe pothawira. Maso awo anakhala pansi, pa simenti yong'aluka, pamene panali mapazi a aphunzitsi. Ndipo poti maso a wosoka nsapato sapuma, komanso poti ankafuna chilichonse choti nkhani isinthe, anangoyamba kulankhula.

"Nsapato zanuzi sizifika kumapeto kwa teremu."

"Pepani?"

"Yakumanzereyo. Mumayenda mtunda wautali pobwera kuno, ndipo njira yake ndi ya miyala. Chikwama cholemera mumanyamulira phewa lamanzere. Bondo lamanja limakupwetekani, mumalisungira."

Aphunzitsi anayang'ana mapazi awo, kenaka anayang'ana mkuluyo.

"Wakuuzani ndani? Kadona?"

"Palibe wandiuza. Zikuoneka."

"Zikuoneka pati? Lozani."

A Chidendene anawerama, n'kuloza ndi chala chawo chakuda ndi guluu. Mawu awo anasintha, anakhala a munthu amene ali pa ntchito yake.

"Apa. Chidendene chakumanzere chadyeka mbali yakunja, chakumanja chikadali chathunthu, ndiye kuti kulemera konse kumapita kumanzere. Kutsogoloku chikopa chakandikakandika, simenti siikanda chonchi, ndi miyala. Ndipo nsapato ndi ya chaka chino, ulusi wake ukadali woyera, koma soli yapyapyala kale. Munthu wokwera basi sathetsa soli msanga chotere."

"Nanga nsapatoyi ikunena kuti ndimadana ndi mdzukulu wanu?"

"Zimenezo nsapato singanene."

"Ikunena kuti ndine wakuba?"

"Iyayi. Palibe poti ndiloze."

Aphunzitsi anatembenukira kwa Kadona, maso awo atawala koyamba m'mawa umenewo.

"Wamva? Zimene ndakhala ndikukuuzani m'kalasi ndi zomwezi. Palibe amene analemba pa nsapato yanga kuti bondo limandipweteka, koma agogo adziwa, ndipo ndawafunsa kuti pati, aloza. Funso lofunsa chinthu chimene mlembi sananene si msampha. Mlembi sananene, koma waonetsa. Iwe ntchito yako ndi kubwerera m'nkhanimo, kuika chala pamzere umene waonetsa, ndipo chala chili pomwepo ndi pamene ulembe yankho. Ukasowa poika chala, yankho limenelo ndi lako, si la nkhani. Litaye, ngakhale likukomere bwanji."

"Nanga la maganizo a mlembi, madamu?" anafunsa Kadona motsitsa mawu.

"Yang'ana mawu amene anasankha. Akanatha kunena kuti mayiyo amakoka tsache. Iye wati amaligwira mosamala ngati cholembera. Munthu amene ukumunyoza ungamunenere mawu otero? Ndiyeno ona amene akudzudzulidwa kumapetoko. Ndani amene sapereka moni?"

"Ife."

"Ndiye mlembi wakwiyira ndani, mayiyo kapena ife?"

"Ife, madamu."

"Basi. Ndipo akakupatsa mayankho oti usankhepo, chenjera ndi lija lonena kuti anthu onse, nthawi zonse, palibe ndi mmodzi yemwe. Kawirikawiri limakhala lapitirira pamene mlembi analekezera. Chenjeranso ndi lija limene ndi loona kunjaku koma m'nkhanimo mulibe. Sakukufunsa za dziko. Akukufunsa za ndime zitatu zili pamaso pakozo."

Belu linalira. Aphunzitsi anasonkhanitsa makope awo, n'kumupatsa Kadona pepala la nkhani ndi mafunso lija kuti akakonze mayankho onse olakwika kunyumba. Pakhomo anaima, n'kulankhula mofatsa, osawayang'ana mwachindunji a Chidendene.

"Wometayo mukamuuze kuti sindikumuyesa munthu woipa. Zimene amanenazo mwina zinamuchitikiradi. Kungoti funso silinafunse za iye. Masabata atsala atatu, agogo. Maphunziro a masana akadalipo."

A Chidendene anatuluka pa geti jekete lili pamkono. Sanakumbuke kuti analivula nthawi yanji.

Tsiku limenelo ntchito sinayende. Anasoka nsapato ya mwana ndi ulusi wakuda pamene pankafunika wofiirira, n'kusosolanso. Anadzimenya chala ndi nyundo, chinthu chimene anali asanachite kwa zaka zambiri. Wometa anatulukira atanyamula malalanje awiri, limodzi n'kuwaikira pa benchi.

"Zayenda bwanji kwa aphunzitsi, a pulofesa? Mwawaphunzitsa?"

"Zayenda."

"Mawu amodzi okha? Lero kugwa mvula. Lalanjelo ndi la Kadona, inu musadye, mano mulibe."

Anabwerera kukameta. A Chidendene analiyang'ana lalanjelo nthawi yaitali. Munthu ameneyu ndi amene ankawasungira zida m'shopu mwake usiku uliwonse, zaka zonsezi, osadandaula. Ndipo m'mawa womwewo iwo anamutchula wosaphunzira wodzimva, pamaso pa munthu amene sanamuonepo n'kamodzi komwe.

Kadona anafika dzuwa litapendeka. Anapereka moni mwaulemu, koma kampando kake anakakokera kumapeto kwa khonde, pafupi ndi mulu wa mapaipi. Anatsegula kope n'kuyamba kulemba yekha. Sanawerenge mokweza monga ankachitira masiku onse. Pakhondepo pankangomveka magalimoto ndi kulira kwa makina ometera.

A Chidendene anapirira mpaka analephera.

"Kadona."

"Agogo."

"Pali lalanje lako apa. Akupatsa a wometa."

Mwanayo analiyang'ana, n'kuyang'ana agogo ake, n'kubwerera ku kope lake. Kuyang'anako kunawawa kuposa nyundo ija.

"Bwera nako kuno kampandoko. Wafika funso liti?"

"Lachisanu ndi chimodzi. La pa geti lija."

"Likuti bwanji?"

"N'chifukwa chiyani mayiyu amaima pa geti la sukulu."

Iwo anaika nsapato pansi.

"Sukulu sanapite. Kapena anapita n'kulekezera panjira. Amaima chifukwa amalakalaka akanakhala m'katimo."

"Mwadziwa bwanji?"

"Ndikudziwa basi."

"Madamu ati ndikudziwa basi si yankho. Ati tiziloza."

Anawapatsa pepalalo. Miyezi yonseyi a Chidendene anali asanaligwirepo pepala la nkhani m'manja. Nthawi zonse ankati werenga iwe, manja anga ali ndi guluu. Tsopano linali m'manja mwawo, ndipo mdzukulu wawo anali kudikira.

Anaika chala pa mzere woyamba. Anayamba kuwerenga chamumtima, koma milomo inkagwedera yokha. Mawu aafupi ankawadutsa bwino. Aatali ankawaduladula, n'kubwereranso kumayambiriro kwake. Pa mawu akuti zinyalala anaima nthawi yaitali. Basi inaima kutsidya kwa msewu, anthu anatsika, ena anakwera, basi inanyamuka, iwo akadali pa mzere wachitatu. Ankadziwa kuti mwanayo akuona chalacho mmene chikukwawira, koma sanachichotse.

Pomaliza chala chinaima.

"Apa," anatero ndi mawu osasa. "Milomo yake ikugwedera kutsatira mawuwo. Munthu wongopumula sachita zimenezi. Ndi apanso: tsache ngati cholembera. Mlembi akufuna tiganize za sukulu. Ndipo akuweramitsa mutu pochoka."

Pamene panali chalacho panatsala kadontho kakuda. Kadona anatenga pepalalo n'kulemba yankho mu kope lake, mosafulumira.

A Chidendene anapukuta zala pa thalauza, ngakhale kuti zinali zouma kale.

"Ine sukulu sindinamalize, Kadona. Ndinalekezera kalasi yachinayi. Nambala wani sindinakhalepo. Za ukalaliki zija ndinkanama."

Mwanayo sanadzutse mutu.

"Ndinkadziwa, agogo."

"Anakuuza ndi amako?"

"Iyayi. Amayi sananenepo."

"Nanga?"

Kadona anatseka kope, n'kuyang'ana pa benchi pamene panali singano yokhota ndi mpukutu wa ulusi.

"Kukabwera pepala mumati magalasi mwaiwala. Koma magalasiwo sindinawaonepo, kunyumba kapena kuno. Ndipo ulusi mumaulowetsa pa singano kamodzi n'kamodzi, ngakhale kukuchita mdima."

Mwanayo anali ataloza, ndipo panalibe chotsutsa.

"Ndiye unkalemberanji zimene ndinkakuuzazo, ngati unkadziwa?"

"Poyamba ndinkaganiza kuti mwina ndi zoona, poti mwaona zambiri. Kenaka ndinaona kuti malikisi akutsika." Anazunguza cholembera m'zala. "Koma ndikamalemba mawu anu mumakondwa, agogo. Tsiku lonse mumakhala okwiya. Nthawi yokhayo ndi imene mumaseka."

Mkuluyo anatembenukira kumsewu. Kwa kanthawi anayang'anitsitsa mapazi a anthu odutsa, nsapato zakuda, zofiira, mapatapata, osaona chilichonse pa izo. Miyezi isanu ndi umodzi mwana anakhala akutaya malikisi ake, limodzilimodzi, kuti nkhalamba iseke. Iwo amene ankadzitama kuti palibe angawapusitse sanaone chimene chinkachitika pa kampando, mkono umodzi kuchokera pamene anakhala.

Anatenga lalanje lija, n'kulisenda ndi mpeni wodulira zikopa ataupukuta bwinobwino, n'kumupatsa.

"Mawa ukaweruka usabwere kuno. Utsale ku maphunziro a masana aja, mpaka tsiku la mayeso."

"Nanga akakatikolopetsa?"

Anamuyang'ana. Pakona pa mlomo wa mwanayo panali kakumwetulira.

"Ukakolope. Sufa."

M'mawa mwake anamuperekezanso, opanda jekete. Anapeza aphunzitsi ali pakhonde la kalasi, chikwama chili paphewa lamanzere. A Chidendene anavula chipewa, n'kunena ali chiimire kuti wometa uja alibe mlandu, mawu aja anali awo. Anayembekeza kudzudzulidwa, ndipo mwina kukanawapepukira. Aphunzitsiwo anangogwedeza mutu, n'kunena kuti maphunziro amayamba belu lomaliza likangolira, mwana abwere ndi kope lapadera. A Chidendene anapempha nsapato zija. Zinabwera tsiku lotsatira m'chikwama cha Kadona, zitakulungidwa m'nyuzipepala.

Masana ake pakhonde panali zii. Wometa anatuluka kudzakutumula chinsalu chake, n'kuona kampando kopanda munthu.

"Wophunzira wanu ali kuti, a pulofesa?"

"Ali kusukulu."

"Ndiye kuti akuchotsani ntchito?"

"Ndasiya ndekha." A Chidendene anachotsa timisomali pakamwa. "Iwe, ukamaliza mutu umenewo ubwere ukhale apa. Pali zimene ndinakunenera kwa aphunzitsi, zoti uzimve kwa ine."

"Zabwino?"

"Iyayi."

Wometayo anawayang'ana modabwa, n'kulowa. A Chidendene anatembenuza nsapato yakumanzere ya aphunzitsi, n'kuyamba kuzula chidendene chodyekacho. Pansi pa chitini cha guluu panali pepala la nkhani lija, limene Kadona anawasiyira. Nkhani yachiwiri, ya dokotala wa ziweto, anali atafika nayo pa mzere wachinayi.